Mbatata ya pepo mkati: akuipangira mphika kapena fakitale?

Mjoni wa ku Dedza:
Moni nonse pagulu pano. Kuno ku Johannesburg m'mashopu ena akugulitsa mbatata yoti ukaidula mkati mwake ndi pepo weniweni, mpeni mpaka kuthimbirira. Mtengo wakenso ndi wokwera kuposa mbatata wamba. Kwathu tinakulira yoyera ndi yachikasu, kenako kunabwera yofiira mkati ija, koma iyi sindinaionepo m'munda mwa munthu. Ndi yachilengedwe kapena amaibaya mankhwala?

NaBanda Ophika:
Achimwene, imeneyo ndinaipezako ku Blantyre kuno kudzera kwa mnzanga. Ndinaiphika, kuipota, n'kusakaniza mu ufa wa masikono. Mtanda unali wokongola zedi. Potuluka mu uvuni masikono anali obiriwira ngati achita nkhungu. Makasitomala anangoyang'ana n'kudutsa. Mpaka lero ndimaikayikira mbatata imeneyo.

Aphunzitsi a Sayansi:
Mayi NaBanda, munathiramo soda?

NaBanda Ophika:
Nanga masikono n'kufufuma bwanji opanda soda, aphunzitsi?

Aphunzitsi a Sayansi:
Ndiye wolakwa ndi sodayo, mbatata ilibe mlandu. Utoto umene uli m'menemo amautchula kuti anthocyanin. Ndi womwewo umene uli mu chidede, mu mabulosi ndi mu kabichi wofiirira. Utoto umenewu umasintha malinga ndi zimene wakumana nazo. Ukakumana ndi zowawasa monga mandimu umafiira. Pakatikati umakhala pepo. Ukakumana ndi soda kapena chidulo umapita ku buluu, kenako kubiriwira. Yesani kunyumba: tengani madzi amene mwawiritsira mbatatayo, muwagawe m'matambula awiri, kwina mufinyire ndimu, kwina muthire kachidulo pang'ono. Ana anga m'kalasi amayesa matsenga. Ulendo wina muchepetse soda, muonjezere madzi a mandimu kapena chambiko mu mtanda, masikono adzatuluka apinki.

A Mjoni, yankho lanu ndi lomwelo: palibe jekeseni. Chomeracho chimapanga chokha utotowo.

Wa ku Kyushu:
Aphunzitsi anena zoona. Ndionjezepo, poti ndikuphunzira za mbewu kuno ku Japan ndipo nkhani ya mbatata ya pepo ndi yaikulu kuchigawo chino cha Kyushu. Mbatata ya pepo inalipo kuyambira kale. Ku Kagoshima alimi anali ndi yamakolo yotchedwa Yamagawamurasaki, ya utoto wabwino koma yosabereka kwenikweni. Makampani opanga utoto wa zakudya ankaifuna, koma mlimi sankapindula nayo. Akatswiri a boma a ku Miyakonojo, m'chigawo cha Miyazaki, anayamba kukwatitsa mitundu, ndipo mu 1995 anatulutsa Ayamurasaki. Makolo ake ndi Kyushu 109, imene inachokera ku mtundu wa Yamagawamurasaki uja, ndi Satsumahikari.

Taonani kholo lachiwirilo. Satsumahikari ndi mbatata yoti ngakhale uiphike bwanji sitsekemera, chifukwa ilibe mphamvu ya beta-amylase, chinthu chimene chimasandutsa sitalichi kukhala shuga mbatata ikamapsa. Ndiye kuti kuyambira pachiyambi anthuwa sankafuna mbatata yomwera tiyi. Ankafuna ya utoto wambiri, yobereka, yopita ku fakitale. Pambuyo pake kunabwera Murasakimasari mu 2001 ndi Akemurasaki mu 2005, zonse za fakitale. Murasakimasari ndi imene amaphikira kachasu wa kuno wotchedwa Aka Kirishima.

Mjoni wa ku Dedza:
Kkkk kachasu wa mbatata ya pepo! Musawauze a kwathu, mbewu yonse ithera mu mphika wa mowa.

Gogo Mlangizi:
Ana inu, ine ndinagwira ntchito ya ulangizi zaka zambiri ku Thyolo ndi Mulanje, ndiye ndifunse funso la mlimi. Mwana wanga wa ku Kyushu, ukuti akufuna utoto wambiri. Si nkhani yapafupi imeneyo? Kumba, dula, sankha yakuda kwambiri mkati, bzala yomweyo. Sukulu zonsezo za chiyani?

Wa ku Kyushu:
Agogo, poyamba amachitadi zomwezo, mpeni ndiye chida choyamba. Koma kuda sikunena zonse. Anthocyanin si chinthu chimodzi. Mu mbatata muli mitundu iwiri ikuluikulu: cyanidin ndi peonidin. Zimafanana kwambiri, peonidin ndi cyanidin yemweyo amene chomera chamumata kachidutswa kamodzi kotchedwa methyl. Koma kachidutswa kameneko kamasintha maonekedwe. Mbatata yochuluka peonidin mukaiphika n'kuipota imaoneka pepo wopendekera ku kufiira, wowala. Yochuluka cyanidin imapendekera ku buluu, nthawi zina mpaka kuoneka motuwa. Mbatata ziwiri zitha kuda mofanana zili zaziwisi, koma phala lake n'kusiyana kutalitali. Wopanga makeke kapena zakumwa amafuna yowala ija, n'chifukwa chake mitundu ya fakitale ya kuno monga Ayamurasaki ndi ya peonidin wambiri.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chuma chenicheni cha mbatatayi: utoto wake wambiri umabwera utamatidwa ndi timaasidi tina, caffeic, ferulic ndi p-hydroxybenzoic. Timaasiditi timapindikira pamwamba pa utoto n'kuuphimba ngati ambulera, madzi osaufikira mosavuta. Ndiye utoto wa mbatata umapirira moto ndi kuwala kuposa wa zipatso zambiri. Pali wina womatidwa ndi kaasidi kamodzi, wina tiwiri, ndipo wa tiwiriyo ndiye amalimba kwambiri. Wokwatitsa mbewu akamasankha amafunsa mafunso atatu nthawi imodzi: utoto ndi wochuluka bwanji, ndi wa mtundu uti, ndipo ndi wophimbidwa motani. Mafunso awiri omalizawo maso sangayankhe. Amafinya madzi a mbatata n'kuwadutsitsa mu makina otchedwa HPLC, amene amalekanitsa utoto uliwonse paokha n'kuonetsa kuchuluka kwake.

NaBanda Ophika:
Eetu, ndiye chifukwa chake juwisi wa chidede ndikamusiya m'botolo loonekera pa windo amayamba kuzilala n'kusanduka bulauni?

Aphunzitsi a Sayansi:
Ndi chimenecho mayi. Utoto wa chidede ulibe timaasidi tomwe akunenato, ndiye dzuwa ndi kutentha zimaugonjetsa msanga.

Mlimi wa ku Chikwawa:
Ine ndikungowerenga. Koma mukunena zokwatitsa mbatata, mbatata imakwatitsidwa bwanji poti timabzala kholowa? Njere za mbatata ine sindinazionepo.

Gogo Mlangizi:
Bambo, njere zilipo, kungoti simunazifunefune. Mukaona mbatata yachita maluwa aja onga kabelu, oyera m'mphepete, ofiirira pakati, bwererani patapita mwezi ndi masiku. Pena mupeza kachibalobalo kouma, mkati muli tinjere takuda, tolimba gwa. Kamodzi sikapitirira njere 4, kawirikawiri imodzi kapena ziwiri. Ku malo a kafukufuku wa zaulimi a ku Bvumbwe ndinaonako m'mene amachitira. Madzulo amasankha duwa loti litsegula mawa, amachotsa tinthu ta mungu, n'kulitseka kuti njuchi isalowe. M'mamawa, mame asanaume, amatenga mungu wa kholo linalo n'kupaka pa duwa lija, n'kumangirira kachikwangwani. Ukachedwa basi, duwa la mbatata limafota tsiku lomwelo. Ndipo njereyo kuti imere amayamba aikanda khungu kapena kuiviika mu asidi, apo ayi ikhala m'dothi osadzuka.

Chimene mukumbukire n'chakuti kholowa mukadula n'kubzala, mupeza mbatata yomweyo ya mayi ake, osasintha. Koma njere iliyonse ndi mtundu watsopano, woti sunakhaleponso.

Wa ku Kyushu:
Agogo afotokoza bwino kuposa buku. Kusiyana n'kwakuti kuno kumazizira, mbatata sichita maluwa yokha mosavuta, ndiye amaimezanitsa pa chomera china cha banja lake chotchedwa asagao kuti ikakamizike kuchita maluwa. Komanso mbatata imakana mungu wa mtundu wake womwe, ndipo pali magulu ena amene sagwirizana, ndiye si makolo onse amene mungafune amene angabereke.

Mutu umadzauma pa ana. Ife anthu tili ndi makope awiri a chibadwa chilichonse, lina la mayi lina la bambo. Mbatata ili ndi makope 6, makromozomu 90 onse pamodzi. Mukakwatitsa ziwiri zapepo, ana amatuluka osiyanasiyana: ena oyera mbee, ena amizeremizere, ena pepo wotuwa, ochepa okha akuda bwino. Mwa akudawo, ambiri amagwa pa zina: wina sabereka, wina amang'aluka, wina matenda. N'chifukwa chake amafesa njere masauzande kuti pamapeto pake atsale ndi mtundu umodzi kapena iwiri.

Mu 2007 akatswiri a kuno anapeza jini, kachidutswa ka chibadwa, imene imayatsa ntchito yopanga utoto mu mnofu wa mbatata, dzina lake IbMYB1, ndipo anaipeza mu Ayamurasaki yomweyo. Phindu lake n'lakuti tsopano angathe kuyeza tsamba la kambande kakang'ono n'kudziwa ngati kali ndi mwayi wodzabereka yapepo, osadikira miyezi kuti akumbe. Izi si GMO ayi, palibe chimene alowetsamo. Akungowerenga zimene zilimo kale.

Mlimi wa ku Chikwawa:
Nanga yanga ya khungu lofiira ija, nsonga za kholowa zake zimakhalanso zofiirira, ndiye kuti ili m'gulu lomweli?

Wa ku Kyushu:
Utoto wake ndi wa banja lomwelo bambo, koma khungu, masamba ndi mnofu zimayendetsedwa mosiyana. Ku Hawaii amalima ina yotchedwa Okinawan, khungu loyera, mkati pepo. Yanuyo ndi yotembenuza. Osaweruza ndi khungu.

Mjoni wa ku Dedza:
Ndaona pa TikTok akuitchula kuti ube. Ndi yomweyo?

Aphunzitsi a Sayansi:
Ayi, ube wa ku Philippines ndi chilazi, chomera china. Amangofanana mtundu mkati.

Wokayika wa ku Area 25:
Ine ndiloleni ndisokoneze. Zaka zonsezi mwakhala mukutiuza kuti tidye yofiira mkati chifukwa cha vitamini A. Tinavomera, tinabzala Zondeni, kenako Kadyaubwerere, Kaphulira, Mathuthu, Chipika, Anaakwanire. Lero mwayamba za pepo. Mawa mudzabwera ndi yobiriwira. Si malonda chabe awa?

Gogo Mlangizi:
Mwana wanga, funso lako ndalikonda. Ndinene mosabisa: yapepo siilowa m'malo mwa yofiira mkati. Yofiira ili ndi beta-carotene amene thupi limasandutsa vitamini A, ndipo kusowa kwa vitamini ameneyu kumawononga maso a ana ndi chitetezo cha m'thupi. Limenelo ndi vuto lodziwika, ndipo yankho lake linayesedwa pa anthu enieni ku Mozambique ndi ku Uganda. N'chifukwa chake mu 2016 mphoto ya World Food Prize inapita kwa Maria Andrade, Robert Mwanga ndi Jan Low a ku International Potato Center, bungwe lofufuza za mbatata, pamodzi ndi Howarth Bouis. Mitundu watchulayo, kupatula Zondeni, inatulutsidwa mu 2011 kuchokera ku ntchito ya ku Bvumbwe, motsogozedwa ndi mayi Felistus Chipungu. Anthocyanin si vitamini. Mwana sadwala chifukwa choti sanadye pepo. Wina akabwera kumudzi kudzauza amayi kuti azule yofiira abzale yapepo, ine ndidzamuthamangitsa ndi ndodo yangayi.

Aphunzitsi a Sayansi:
Ndigwirizane ndi agogo. Pa intaneti mupeza akunena kuti mbatata ya pepo imachiza khansa, shuga, BP, chilichonse. Zambiri mwa zimenezo zinachokera ku kafukufuku wa m'mabotolo ndi pa makoswe. Ndi chakudya chabwino, idyani, koma wodwala asasiye mankhwala a kuchipatala.

Wokayika wa ku Area 25:
Ndiye mwavomera kuti ndi malonda.

Wa ku Kyushu:
Achimwene, inde ndi malonda, ndipo palibe chochititsa manyazi. Taonani kumene msika ukupita. Utoto wofiira wa m'maswiti, mayogati ndi zakumwa kwa nthawi yaitali umachokera kuwiri: wina ndi wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi, wina ndi carmine, wochokera ku tizilombo totchedwa cochineal timene timaswana pa chomera cha minga chotchedwa cactus, makamaka ku Peru. Ogula ambiri sakufunanso zonse ziwirizi. Mu Januwale 2025 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America la FDA linaletsa utoto wotchedwa Red No. 3 m'zakudya. Makampani akusakasaka chofiira chochokera ku zomera chimene chingapirire uvuni ndi shelefu.

Kampani ya ku Denmark ya Chr. Hansen inaona zimenezi kale. Inatha zaka pafupifupi 10 ikukwatitsa ndi kusankha mbatata, ndipo mu 2019 inalengeza mtundu wakewake, Hansen sweet potato, umene utoto wake ndi wofiira osati pepo, cholinga n'kulowa m'malo mwa carmine. Gawo la utoto la kampaniyo lero ndi Oterra. Iwowa sanafunse kuti mbatatayo ikoma ndi tiyi kapena ayi. Anafunsa kuti ifiiritsa chiyani, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji. Apa ndiye pamene nkhani ya mtundu wa utoto imaonekera kuti si ya m'kalasi chabe.

NaBanda Ophika:
Koma kunena zoona ine imene ndinaphika ija sinali yokoma. Inali youma pakhosi, ndi kakuwawira kena kumapeto. Ana anangoluma kamodzi.

Wa ku Kyushu:
Mayi, zimenezo n'zimene akulimbana nazo okwatitsa mbewu kulikonse. Mbatata ikachuluka utoto imachulukanso zinthu zina za gulu la polyphenol zimene zimakhakhala pa lilime, ndipo zomwezo zimaidetsa bulauni mukaidula n'kuisiya pamphepo. Ndiye kuno anagawa njira ziwiri. Ya fakitale ikhale yakuda mmene ingathere. Ya pa mbale ichepeko utoto koma itsekemere. Purple Sweet Lord inatulutsidwa ndi cholinga chimenecho, ndipo pambuyo pake kunabwera Fukumurasaki yotsekemera kwambiri. Ku America kuli Stokes Purple imene inayambira ku North Carolina, ku Korea kuli Sinjami. Mbatata imodzi yokhutiritsa onse, fakitale ndi mwana, ndi yovuta kuipeza.

Gogo Mlangizi:
Ndipo mwana wa ku Japan ndi mwana wa ku Phalombe safuna zofanana. Kuno munthu amafuna mbatata yaufa, yoti ukainyema izichita mbuu, osati yamadzimadzi. Yofiira mkati yoyambirira imene inabwera kuchokera kunja akuluakulu anaikana chifukwa cha zomwezo, ankati ndi ya ana. Inayamba kuyenda atapanga mitundu yaufa yogwirizana ndi kuno. Yapepo ili ndi mwayi pamenepa poti yambiri imakhala youma kale. Koma futali wa pepo, nsinjiro zitasakanikirana ndi utoto umenewo, sindikudziwa kuti apongozi angamulandire ndi nkhope yotani.

Mjoni wa ku Dedza:
Kkkkk agogo mwandipha.

Mlimi wa ku Chikwawa:
Bwanji osangokwatitsa yofiira ndi yapepo, tipeze zonse m'mbatata imodzi?

Wa ku Kyushu:
Zimatheka bambo, ndipo ana otere amatulukadi, chifukwa utoto uwiriwu umapangidwa m'njira zosiyana ndipo umakhala malo osiyana mu selo. Anthocyanin amasungunuka m'madzi, beta-carotene m'mafuta. Vuto ndi maso a wogula. Pepo akasakanikirana ndi olenji mbatata yophika imaoneka ngati dothi la katondo lonyowa. Fakitale ya utoto nayo siifuna chifukwa ikufuna mtundu umodzi wosasakanikira.

Kusungunuka m'madziko kuli ndi phunziro lake la kukhitchini: mukaisenda n'kuiduladula musanawiritse, utoto wambiri mutaya ndi madzi. Iphikeni ndi makoko ake, madzi ochepa, kapena muiotche.

Aphunzitsi a Sayansi:
Funso langa kwa a ku Kyushu. Tiyerekeze tatenga Ayamurasaki n'kuibzala ku Chikwawa, ina ku Dedza. Ituluka chimodzimodzi?

Wa ku Kyushu:
Mtundu wa utoto, kuti ndi wa peonidin kapena cyanidin, umatsatira kwambiri chibadwa, sumasinthasintha. Koma kuchuluka kwake kumatsatira malo. Dothi likamazizirirapo utoto umachuluka, kukatentha kwambiri umachepa. Ndiye ndingayembekezere kuti ya ku Dedza idzada kuposa ya ku Chikwawa. N'chifukwa chake mtundu watsopano amauyesa m'madera angapo kwa nyengo zingapo asanautulutse. Kale ntchito yonse inkatenga zaka 8 kapena kuposa. A International Potato Center anapeza njira yofupikitsa, yobzala ana onse m'malo angapo kuyambira chaka choyamba, n'kufika pa zaka 4 kapena 5. Ndi njira imeneyo ku Mozambique anatulutsa mitundu 15 mu 2011, ndipo pa imene inatsatira mu 2016 panali ya pepo mkati. Ndiye amene akufuna mbewu yozolowera nyengo yonga yathu ayang'ane kwa anansi athuwa asanaganize za Japan.

Mjoni wa ku Dedza:
Ndiye ine Disembala ndikubwera ndi mbatata zingapo mu chikwama, tikazimeretse kumudzi tidulepo kholowa.

Gogo Mlangizi:
Ayi mwana wanga, usachite zimenezo. Mbatata imayenda ndi matenda ake. Mavairasi saoneka pa mbatata ya mu shopu, koma ukabzala, nsabwe za m'masamba ndi ntchentche zoyera zija zimawatenga n'kuwafalitsa m'minda ya anzako. Masamba amakwinyika, mbewu imapinimbira, zokolola zimagwa. Nankafumbwe nayenso amabisala mkati. Mbewu yodutsa malire imafuna chilolezo cha a zaulimi, ndipo pa Mwanza kapena pa Dedza akakupeza nayo ali ndi ufulu wokulanda.

Wa ku Kyushu:
Ngakhale kuno, mbatata yaiwisi ya ku Okinawa saloledwa kuitengera ku zilumba zikuluzikulu za Japan popanda kuithira nthunzi yophera tizilombo, chifukwa cha nankafumbwe yemweyo. Dziko limodzi lomwelo. N'chifukwa chake alendo amagula timakeke ta beni-imo, mbatata ya pepo ya kumeneko, m'malo mwa mbatata yaiwisi. Komanso mitundu ina yatsopano ili ndi eni ake mwalamulo, sungangoichulukitsa n'kumagulitsa.

Wokayika wa ku Area 25:
Chabwino, tinene kuti mbewu yapezeka mwa njira yake. Agula ndani? Fakitale ya utoto ili kuti kuno? Tisadzabwereze zija zolimbikitsana kulima mbewu, pokolola wogula osaoneka.

Gogo Mlangizi:
Pamenepo sindikutsutsa. Ya fakitale imafuna wogula amene wasainirana nawe usanaunde mizere, chifukwa ikakanidwa sungaigulitse pa msika, anthu sangaidye. Ine ndikanakhala wosankha mbewu ku Bvumbwe, ndikanayamba ndi ya pa mbale: yaufa, yotsekemera pang'ono, yopirira mavairasi, yobereka mozama kuti nankafumbwe asaifikire, ya peonidin uja kuti ikaphikidwa iziwala. Ogula oyamba ndi anthu ngati NaBanda, mahotela ndi masupamaketi. Mizere iwiri itatu m'mphepete mwa munda, osati ekala yonse.

NaBanda Ophika:
Ine ikapezeka yosawawira ndigula sabata iliyonse. Makeke a ukwati anthu akufuna mitundu masiku ano, ndipo kala wa m'botolo ena amamukana. A ku Kyushu, ufa wake umasunga mtundu? Ndikuganiza zoyanika ngati makaka n'kukagayitsa.

Wa ku Kyushu:
Umasunga mayi, kuno ufa wa pepo ndi malonda aakulu. Koma musaiyanike yaiwisi. Mukaidula yaiwisi n'kuiika padzuwa ida bulauni isanaume. Yambani mwaifutsa pa nthunzi kwa mphindi zochepa kuti zimene zimaidetsazo zife, muidule mopyapyala, muyanike pamthunzi podutsa mphepo. Ufawo muusunge m'chigubu chosaonekera mkati, chotseka bwino.

Mlimi wa ku Chikwawa:
Agogo, mwezi uno mbatata yanga yachita maluwa ambiri. Ndikapeza tinjere tija ndifese?

Gogo Mlangizi:
Fesani bambo, palibe choletsa. Kandani njere iliyonse pang'ono ndi chowengera zikhadabo, mbali yokhota osati pa kamchombo, muviike m'madzi usiku umodzi, mufese pa nazale. Mbande iliyonse muibzale payokha ndi kachikhomo kake, musasakanize. Pokumba mudule imodzi pa phando lililonse muone mkati, ina muphike mulawe. Zambiri mudzataya. Pepo musamuyembekezere ngati m'minda yoyandikana nanu mulibe yapepo, njuchi sizingabweretse mungu umene kulibe. Mukadzakumba mutitumizire zithunzi pano.